Maminitsi a Mayi Makhuva

Ndinasankhidwa kukhala khansala mu 2014, nditangopuma pa ntchito ya uphunzitsi. Kuyankhula pagulu sikunkandivuta, koma za misonkhano ya khonsolo sindinkadziwa kalikonse. Tsiku loyamba ndinafika ku boma m'mamawa kwambiri, chiperoni chikuwaza, phiri lonse la Mulanje litabisika mu nkhungu. M'chipinda cha misonkhano ndinapezamo munthu mmodzi yekha, mayi wamfupi wovala juzi yobiriwira, akuika mapepala pamalo pa munthu aliyense. Ndinawapatsa moni n'kukakhala pa mpando wa pafupi ndi zenera.

"Inu ndinu a wodi iti?" anandifunsa.

Ndinawauza.

"Bwerani mukhale apa. Apa mukakweza dzanja, wapampando amakuonani msanga. Uko kuzenera mutha chaka chonse osalozedwa."

Amenewo anali mayi Ireen Makhuva, mlembi wa maminitsi, amene ankalemba zonse zokambidwa ndi zogwirizana pa misonkhano yathu.

Mbiri yawo ndinaidziwa pang'onopang'ono, nthawi yopumira, tikumwa tiyi pakhonde. Anabadwira m'nyumba za antchito pa esiteti ina ya tiyi. Mayi awo ankathyola tiyi, bambo awo anali mlonda wa fakitale, ndipo agogo awo ndi amene anachokera ku Mozambique wapansi. Pakhomo ankayankhula Chilomwe chokhachokha. Sukulu anaphunzira mpaka Fomu 2. Kutayipa anawaphunzitsa ndi kalaliki wina wa pa esiteti pomwepo, amene ankawalola kugwira makina ake Loweruka masana anthu akaweruka. Mu 1988 anamva kuti ku boma kukufunika wotayipa, anapita atabwereka nsapato za msuweni wawo, ndipo ntchito anaipeza.

Kuchokera pamenepo sanasunthe. Analemba maminitsi nthawi ya chipani chimodzi, analemba zipani zitachuluka, analembera makhansala a 2000, ndipo zaka zonse zimene kunalibe makhansala iwo ankalembabe za makomiti amene analipo. Ife titafika, sanatengeke nafe.

"Amasintha ndi maina okha," anandiuza tsiku lina. "Nkhani zake n'zomwezo. Zimbudzi za pamsika, ngalande, milatho, agalu olusa. Ya agaluyo ndinayamba kuilemba ndili mtsikana."

Ankalemba m'kope lalikulu la chikuto cholimba. Tsamba la kumanzere linali la zimene anthu anena, la kumanja la zimene agwirizana. Nthawi zambiri la kumanzere linkadzaza mpaka kutsegula lina, la kumanja kuli mizere iwiri basi. Akabwerera ku ofesi ankatayipa zonsezo. Kompyuta itabwera anaiphunzira bwinobwino, koma ankaimenya mwamphamvu ngati makina akale aja, moti phokoso lake tinkalimva tili panja. Mafayilo onse ankawadziwa pamtima. Munthu akafunsa kuti nkhani ya malo otayako zinyalala inayamba liti, iwo ankangoti, "Fayilo yabuluu, shelefu yachiwiri, Ogasiti 2003," ndipo ukapita unkaipezadi. Masana ankatsegula kontena yawo ya chinangwa chophika kapena kalongonda, n'kuitana madalaivala ndi osesa kuti adye nawo.

Pa msonkhano wanga wachitatu ndinayankhula kwa nthawi yaitali za mavuto a kwathu. Anthu anaomba m'manja, ine n'kudzimva kuti ndagwira ntchito. Titatuluka, mayi Makhuva ananditsata.

"Aphunzitsi, mwayankhula bwino kwambiri," anatero. "Koma ine sindinapeze choti ndilembe kumanjaku."

"Bwanji?"

"Simunapemphe kanthu. Mukamamaliza muzinena chimene mukufuna chichitike, amene achichite, ndi nthawi yake. Kenako wina akuvomereni. Apo ayi, ndingolemba kuti khansala anadandaula."

Zinandipweteka pang'ono, poti ndinali nditazolowera kuti wokonza anthu ndine. Koma ndinamva.

Nkhani imene ndimawakumbukira nayo kwambiri inabwera mu 2016, nyengo ya mvula. Pa Chitakale panali amayi ogulitsa nanazi, mapeyala ndi nthochi m'mphepete mwenimweni mwa msewu, pafupi ndi pokwerera minibasi. Tsiku lina lole inaponda dengu la mayi wina, mwini wake n'kupulumukira mu ngalande. Zitatero, pa ndandanda wa zokambirana panabwera mfundo yoti amayiwo asamukire kuseri kwa msika. Inali mfundo yachisanu ndi chimodzi, pakati pa nkhani ya zikwangwani ndi ya kudula udzu kumanda.

Wapampando wa komiti yathu anali a Kingstone Mulepa. Sanali munthu woipa. Anakhala kapitawo pa esiteti zaka zambiri, ndiye ankakonda kuti chinthu chikanenedwa chichitike, osati kuchizungulira. Analola kuti amayiwo atume mmodzi adzawayankhulire, ndipo anatuma mayi Emma Nakoma, wachikulire kuposa onse, amene anayamba kugulitsa pamalopo msewu usanakonzedwe.

Mayi Nakoma analowa atavula nsapato zawo za pulasitiki pakhomo chifukwa cha matope. Anayamba bwino m'Chichewa, koma lilime lawo linali lolemera, ndipo wina kumbuyo anaseka. Kuseka kwake kunali kochepa, koma iwo anakumva. Anasokonezeka, anayang'ana pansi, ndipo atayambiranso mawu anatuluka m'Chilomwe, mofulumira, osapuma. Ambiri a ife tinali ana a Alomwe, koma ena chiyankhulocho tinachisiya kalekale, ena ankachimva koma sanafune kuoneka kuti akuchimva.

"Zikomo mayi, tamva," anatero a Mulepa, ngakhale zinkaoneka kuti sanamve zonse.

Pamenepo mayi Makhuva anaika cholembera pansi. Zaka ziwiri zonsezo ndinali ndisanawamvepo akuyankhula pa msonkhano, kupatula powerenga maminitsi.

"Wapampando, mundilole ndimasulire, kuti ndilembe zimene komiti yamva."

A Mulepa anagwedeza mutu kuvomera. Mayi Makhuva anaimirira.

"Akuti sakukana kusamuka. Malole nawonso amawaopa. Koma kuseri kwa msikako mvula ikagwa madzi amafika m'akakolo, ndipo kulibe denga. Nanazi ikanyowa n'kuombedwa ndi dzuwa, masiku awiri yaola. Akuti mukawaikira denga ndi ngalande, simudzavutika kuwathamangitsa, adzasamuka okha."

Kenako anatembenukira kwa mayi Nakoma n'kuwafunsa m'Chilomwe ngati anasiyako kanthu. Mayi aja anapukusa mutu, akumwetulira. Mayi Makhuva anakhala pansi n'kuyamba kulemba.

Ine ndinakweza dzanja. Ndinapempha kuti amayiwo adzasamuke shedi ndi ngalande zikadzatha, ndiponso kuti a zomangamanga azitiuza pa msonkhano uliwonse pamene ntchito yafika. Khansala wina wachikulire, a Elson, anati, "Ndavomera," koma motsitsa mawu, mvula ili pakati kumenya malata. Palibe anatsutsa. Nthawi inali itapitirira 2 koloko, anthu njala itawagwira.

"Chabwino," anatero a Mulepa akuyang'ana wotchi. "Ndiye tagwirizana kuti asamuke mwezi uno ukatha. Mfundo yotsatira."

Ndinafuna kuyankhulanso, koma anali atayamba kale za kumanda. Ndinapita kunyumba osadziwa kuti chimene tagwirizana n'chiti.

Patatha sabata ndinapita ku ofesi ya mayi Makhuva kukatenga mapepala. Ndinapeza a Mulepa ali momwemo, akuwerenga maminitsi asanawagawe kwa makhansala.

"Mayi, apa mwalakwitsa," ankatero. "Ine ndinatseka kuti asamuke mwezi ukatha."

"Zimenezo ndalemba, bwana. Zili m'munsimu, kuti wapampando ananena chakuti."

"Nanga bwanji pa chigamulo mwalemba za shedi?"

Mayi Makhuva anatsegula kope lija n'kuwalozera ndi chala. "Aphunzitsi awa anapempha. A Elson anavomera. Wotsutsa panalibe. Zanuzo palibe anazipempha, palibenso anazivomera. Ngati mukufuna zisinthe, mukanene pa msonkhano ukubwerawu. Komiti ikakavomera, ine ndikalemba."

"Ndiye mukundiphunzitsa ntchito?"

"Ayi bwana. Ndikungokuonetsani zimene zinachitika."

A Mulepa anayang'anitsitsa tsambalo. Anandiyang'ananso ine, ngati ndine ndawatuma. Kenako anaseka pang'ono, anabweza mapepala aja n'kunena kuti, "Gawani." Atatuluka, ndinafunsa mayi Makhuva ngati sanachite mantha. Anandiuza kuti zimenezi sizinawaopse ngati tsiku lomasulira lija. Anati ali mtsikana, atangoyamba ntchito, anzawo a mu ofesi ankawaseka kayankhulidwe, ndiye analumbira kuti Chilomwe chizithera pakhomo. Zaka pafupifupi makumi atatu anasunga lumbirolo. "Koma mayi aja atayang'ana pansi," anatero, "ndinaona ngati ndi mayi anga."

Pa msonkhano wotsatira maminitsi anawerengedwa. A Mulepa anafunsa ngati pali chokonza. Wina anati dzina lake lalembedwa ndi chilembo cholakwika, mayi Makhuva anakonza n'kupepesa. Za shedi palibe anazikhudza, ndipo a Mulepa anasaina.

Shediyo sinamangidwe msanga. Inatenga zaka ziwiri ndi theka. Mwina malata apezeka koma mitengo palibe, mwina mitengo yabwera koma mvula yayamba. Nkhaniyo inkabwera pa zotsalira za msonkhano wapita, ndipo nthawi iliyonse mayi Makhuva ankawerenga chiganizo chomwecho ndi mawu omwewo, osakweza, osatsitsa: "Amayi a zipatso adzasamuka shedi ndi ngalande zikadzatha." Pofika kachisanu ndi chiwiri, makhansala ena ankachimaliza okha chiganizocho iwo asanafike kumapeto, ndipo mkulu wa zomangamanga ankayamba kupukuta thukuta asanafunsidwe n'komwe. A Mulepa eni ake ndi amene anadzakhala patsogolo kukalipira kuti ntchito ithe. Poyembekezera, tinagwirizana zongoika miyala yopaka laimu pakati pa msewu ndi madengu.

Shediyo inatha cha kumapeto kwa 2018. Kalata youza amayiwo kuti asamuke isanatayipidwe, tinangomva kuti Loweruka lina anyamula madengu ndi mabenchi awo n'kukalowa okha. Lachiwiri lake mayi Nakoma anafika ku boma atasenza nanazi zinayi zikuluzikulu za mayi Makhuva. Mayi Makhuva anakana kupita nazo kunyumba. Anabwereka mpeni, anazisenda pakhonde, n'kugawira aliyense amene anali pa msonkhano tsikulo. A Mulepa anadya zidutswa zitatu, madzi ake akutsikira m'chigongono.

Chaka chotsatira tonse tinachoka. Ine ndinagonja pa chisankho, mayi Makhuva anakwanitsa zaka zopumira. Tinawatsanzika m'chipinda chomwecho, tinawapatsa chitenje ndi ambulera. Atapemphedwa kuti anenepo mawu, anaimirira, anathokoza, anapempha kuti mafayilo akale asamaikidwe pansi chifukwa cha chiswe, n'kukhala pansi. Basi. Amene analowa m'malo mwawo amajambula mawu a msonkhano pa foni n'kukalemba pambuyo pake. Ndimamva kuti amagwira bwino ntchito, ndipo sindikukana. Koma ndikadutsa pa boma masiku ano, ndimaona nkhope zachilendo zokhazokha, ndipo palibe amandiitana kuti aphunzitsi.

Chaka chatha ndinapita kukawaona kumudzi kumene anamanga, m'tsinde mwa phiri, njira ya ku Muloza. Ndinawapeza pakhonde akusola nandolo. Maso awo afooka, moti anandizindikira ndi mawu. Ndinakhala pansi n'kuyamba kuwathandiza. Anandifunsa za anthu athu mmodzimmodzi, monga mmene ankakhalira pa tebulo, kuyambira kumanja kwa wapampando. Ndinawauza kuti a Elson anapita kwa mwana wawo ku Blantyre, dalaivala wathu wamkulu anatsegula chigayo, ndipo a Mulepa tinawaika m'manda mwezi wa Juni.

Manja awo anaima.

"Palibe anandiuza," anatero. "Ndikanabwera."

Kenako anayamba kundisimbira mmene a Mulepa, chaka choyamba, ankabwerera ndi wisulo ya ku esiteti m'thumba, n'kumaigwiragwira anthu akachedwa kulowa, mpaka tsiku lina anaiimbadi. Tinaseka mpaka misozi.

Dzuwa litapendeka anandiperekeza mpaka pamsewu, atandimangira nandolo m'kansalu. Anati akufuna adzabwere ku Mulanje Mission kudzapimitsa maso, ndipo akadzatero tidzapite limodzi pa Chitakale tikadye tchipisi, poti zaka zonse zija ankangodutsa pa chiwaya akuthamangira minibasi. Mpaka lero sanabwere. Ndawatumizira uthenga kudzera kwa mwana wawo kuti mvula ikangodula ndipita ndekha kukawatenga.