Msonkhano Umene Tinaitana Minda

Woyamba kundibweretsera nkhaniyi anali mlamu wanga, mlongo wawo wa amuna anga. Anafika pa mota, njinga yamoto ija, dzuwa lili paliwombo, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze, ine ndili pakhonde kusankha nyemba. Amuna anga anali atapita kwawo ku Chidzolomondo kukakhuza maliro a amalume awo, ndipo ndinkawayembekezera tsiku lomwelo. Nditaona kuti wotsika pa motayo ndi mlamu, atanyamula chikwama cha amuna anga, lichero linandipulumuka m'manja.

"Alamu, musalire, ali moyo," anatero asanakhale n'komwe pansi. "Anagwa tikuchokera kumanda. Dzanja lamanja ndi mwendo sizikugwira, pakamwa papotoka. Tawagoneka m'chipatala ku Furancungo."

Kenako anatsegula chikwama n'kutulutsa buku lachikuto chakuda.

"Mawu sakumveka bwino, koma dzulo anakhalira kuloza bukuli. Akuti asembleya. Abwereza katatu konse. Ine sindikudziwa kuti n'chiyani, ndangoti ndidzakupatseni."

Ine ndinkadziwa. Amuna anga anali pulezidenti wa asosiyasau yathu ya alimi a mbatata ya kachewere kuno ku Ntengo-Wambalame. Gululi lili ndi nyumba yosungiramo mbewu, yamalata, yokhala ndi timatandala tamatabwa, momwe mphepo imadutsa bwino ndipo mbewu siola. Amene anatithandiza kumanga anatisiyira lamulo lakuti chaka chilichonse pazikhala msonkhano waukulu, umene timautcha asembleya, ndipo ofika azipitirira theka la olembedwa m'buku. M'bukumo munali mayina makumi anayi ndi awiri. Chaka chimenecho msonkhano unali utalephereka kawiri, ndipo a tekiniku, mlangizi wathu wa zaulimi, anali atachenjeza kuti wachitatu ukalephera mvula isanagwe, makiyi apita ku gulu la kutsidya kwa mtsinje. Mbewu yathu yonse ya chaka chotsatira inali m'nyumba imeneyo, ndipo tinalibe kwina koisunga.

Ndinayamba ndapita ku Furancungo. Ulendo wa pa chapa, kaminibasi kathu kaja, unandithyola msana, koma zimenezo zilekeni. Ndinakhala pambali pa bedi masiku atatu, ndikuwamwetsa phala ndi kuwapempherera. Tsiku lachitatu anayamba kundikankha ndi dzanja lamanzere, akuloza kukhomo. Mulungu andikhululukire, ndinakwiya nawo mumtima. Munthu sukutha kumeza ngakhale malovu, koma ukuganiza za msonkhano! Mlamu anati, "Pitani, alamu, ndiwasamala ine. Mukakhala pano sagona awa." Ndinabwerera ndi bukulo pachifuwa.

Wachiwiri kwa pulezidenti anali ku Joni chaka chachiwiri. Amene anatsala ndi a sekeretaliyo, bambo wachikulire wokonda jekete ndi Chipwitikizi, munthu wabwino mtima koma wosafuna kusintha kanthu.

"Tichita monga mwa masiku onse, mayi," anatero. "Lamulungu ndiwerenga mayina kutchalitchi, Loweruka tikumana kusikola. Akapanda kubwera ndi zawo. Anthu akuno ndi aulesi basi."

Ndinabwerera kunyumba ndi bukulo. Ine sikola ndinalekeza kalasi yachinayi, koma mayina ndimawerenga. Madzulo a tsiku limenelo, dzuwa likadalipo, ndinakhala pamphasa n'kuyamba kuwerenga bukulo dzina ndi dzina, ndikuika kanyemba pambali pa aliyense amene ndinkadziwa kuti ali m'mudzi muno. Uyu ali ku Joni. Uyu banja linatha, anabwerera kwawo. Uyu tinamuika chaka chatha. Uyu anakwatira kwina. Pomaliza ndinawerenga nyemba zija, zinali khumi ndi zisanu ndi zinayi zokha. Ndinabwereza, zinali zomwezo. Ngakhale onsewo akanabwera atasamba, msonkhano sukanakwana.

Kuno mwamuna amadzakhala kwa mkazi, ndipo munda ndi wa kuchikazi. Koma tsiku lolemba mayina amene anaima pamzere ndi amuna, poti ndiwo anali ndi ziphaso ndiponso ankatha kuyankha Chipwitikizi. Amunawo anachoka, minda inatsala, ndipo akazi awo ankalimabe ndi kusunga mbewu m'nyumba yomweyo. Kutchalitchi akamva akuitana dzina la mwamuna, ankati uthengawo si wawo.

M'mawa mwake ndinatenga pepala la malamulo a gulu kupita nalo kwa aphunzitsi aakazi amene boma linawatumiza kuno. Anandiwerengera pang'onopang'ono akumasulira. Anafika pamene pakuti membala ndi banja lolima mundawo, ndipo munthu wamkulu aliyense wa m'nyumbamo akhoza kuimira banjalo.

"Zinalembedwa kuyambira kale, amayi," anatero. "Palibe anabwera kudzafunsa."

Ndinawathokoza kwambiri, ndipo mpaka lero ndikakumba mbatata ndimawakumbukira.

Apo m'pamene ndinayamba kuyenda khomo ndi khomo. Midzi yathu ndi yotalikirana, kukwera ndi kutsika zitunda, ndipo unali mwezi wotentha uja mvula ikamayandikira. Ndinkadzuka m'mbandakucha kukathirira dimba, kenako ulendo. Ena ankandilandira ndi madzi akumwa, ena ankangofunsa za odwala n'kupitiriza zawo. Mapazi anatupa, patapata anaduka kawiri. Tsiku lina ndinakhala pansi pa mtengo wa msuku n'kunena kuti, "Ambuye, ine ndatopa, ngati nyumbayi mukufuna ipite, ipite." Nditapuma ndinadzukanso, poti kunyumba kunalibe chimene chikanandipumitsa mtima.

Khomo limene linandivuta linali la mayi wina wa kumtunda, mlimi wamphamvu, wapakamwa pakuthwa. Mwamuna wake anamusiya ndi ana anayi. Ndinamupeza akuswa nkhuni.

"Ndiye mukuti ndibwere, akaitana dzina la galu uja ine ndiyankhe kuti ndilipo?" anatero, nkhwangwa ili m'manja. "Mayi inu, mwadya chiyani lero? Iye ali kumene aliko akunenepa, ine ndikamuyankhire?"

"Si iyeyo amene mukuimira, anzanga. Ndi munda wanu."

"Aitane mundawo tsono! Munda wanga ndiuyankhira. Dzina limenelo likatchulidwa ine ndili pomwepo, ndinyamula mbewu yanga pamutu, muone."

Ananena mwaukali, koma pobwerera mawu ake sanandichoke. Amayi ena atatu anali atandiyankha chimodzimodzi, kungoti iwo mwaulemu, maso ali pansi. Kuno munda uliwonse umadziwika: wa pamkuyu, wa kuseri kwa manda, wa pachitsime chakale, wa pamiyala iwiri. Ndinapita kwa a sekeretaliyo n'kuwapempha kuti pambali pa dzina lililonse tilembe munda wake ndi pensulo, ndipo pa tsikulo aitane minda.

"Msonkhano wa anthu kapena wa minda?" anafunsa. "A tekiniku atiseka."

A tekiniku sanaseke. Tinawaimbira foni, anati malinga munthu wa m'nyumbamo abwere n'kudinda chala pambali pa dzina, iwo alibe nazo mlandu.

Zinthu zina ndinazisintha chifukwa cha zimene amayi anandiuza m'makomo. Loweruka ndi tsiku la msika, ndiye tinasankha Lachinayi. M'mawa anthu amakhala kudimba, ndiye tinati dzuwa likapendeka. Kusikola anakukana, anati timabenchi ta ana timawapweteka mawondo ndipo amakhala ngati abwera kudzadzudzulidwa, ndiye tinati tikumane pabwalo la nyumba ya mbewu yomweyo, aliyense aziona chimene wabwerera. Ndinapempha kuti zonse zilankhulidwe m'Chichewa. Nkhani zikhale zitatu basi: za makiyi, za kagawidwe ka matandala, ndi kusankha atsogoleri atsopano. Ndinapemphanso kuti tebulo lisabwere, tikhale mozungulira pamphasa ndi pamipando imene ilipo.

"Popanda tebulo?" anadandaula a sekeretaliyo. "Ndiye chinamwali chimenecho, mayi. Nanga mawu anga otsegulira?"

"Mawu anu alipo, bambo, koma afupike ngati pemphero la chakudya."

Anaseka, kenako anati ayesa.

Amayi awiri a kumpingo anandithandiza kuphika thobwa ndi kuwiritsa mbatata. Pakhomo pa nyumba ya mbewu ndinaika lichero ndi kambale ka nyemba, kuti munda ukaitanidwa mwini wake aponye nyemba imodzi m'lichero. Ndinafuna kuti aliyense aziona yekha kuti tafika pati, osati kudikira kuuzidwa.

Lachinayi lija kumwamba kunayamba kuda chakum'mawa. Anthu ankafika m'modzim'modzi. Mwa amuna khumi ndi asanu ndi anayi aja anabwera asanu ndi atatu okha, ena anali atapita kukagula feteleza. A tekiniku anafika pa mota, anakhala pampando, akuyang'ana mitambo ndi wotchi. Ine ndinkangozungulira ndi ndowa ya thobwa.

A sekeretaliyo anatseguladi mwachidule, ndipo anayamba kuitana.

"Munda wa pamkuyu!"

Mayi wina wokalamba, amene sanalankhulepo pamsonkhano chibadwire, anaimirira n'kunena kuti, "Ndilipo, ndi mkuyu womwe ulipo." Anthu anaseka, iye anaponya nyemba. Kuyambira apo zinayenda mopepuka. Munda ukaitanidwa ena ankawonjezera zawo. "Umenewo wa udzu wofika m'chiuno uja?" "Iwe, udzu wanga ukukuyabwa pati?" Mayi wa kumtunda uja anafika mochedwa ndi anzake awiri, ndipo munda wake utaitanidwa anaponya nyemba mwamphamvu mpaka inadumphira kunja, anachita kuitola.

Ataitana mpaka kumapeto a tsamba, a tekiniku anawerenga nyemba pamaso pa onse.

"Vinti-um," anatero. "Makumi awiri ndi imodzi. Ndi theka lenileni limeneli, mayi, silinapitirire. Pakusowa m'modzi."

Ndinayang'ana kunjira, kunalibe munthu. Ndinayamba kuganiza za mbewu yathu, kuti ndikaiyala pati m'kanyumba kathu kodontha, ndiponso kuti ndikawauza chiyani amuna anga.

A sekeretaliyo anati aitanenso minda imene sinayankhe. Anatchula itatu, zii. Kenako anati, "Munda wa pachulu chachikulu!" Panalinso zii. Ine ndinali ndi chikho m'manja, maso ali kunjira.

"Mayi inu!" anakuwa mayi wa kumtunda uja. "Mwatha patapata m'mudzi monse kutiuza ife kuti tiyankhire minda yathu. Nanga wa pachulu ndi wa yani? Ayankhe ndani, chulu?"

Unali munda wanga, umene amayi anga anandisiyira. Poitana koyamba ndinaumva ndithu, koma zaka zonsezi woyankha anali amuna anga, ndipo powerengera nyemba pamphasa paja ndinali nditawachotsa poti ali m'chipatala, osadziikapo ine. Ndinatula chikho pansi. Ndinapita palichero n'kuponya nyemba. Mawu akuti ndilipo sanatuluke, anandinenera ndi anzanga. Pamene ndinkadinda chala pambali pa dzina la amuna anga, misozi imene ndinaisunga kuyambira tsiku lija la mota inatuluka yonse.

Makiyi anatsala kwathu. Nkhani ya matandala inatenga nthawi, poti amayi anali ndi zambiri zimene anazisunga, makamaka zoti matandala apamwamba opita mphepo ankangopita kwa anthu omwewomwewo. Anagwirizana kuti azisinthana chaka ndi chaka. Anafuna kundisankha ine kukhala pulezidenti, ndinakana, ndinati ndili ndi wodwala. Anasankha bambo wina wofatsa wa kumunsi, ndipo makiyi anapatsa mayi wa kumtunda uja. Anagwirizananso kuti buku lilembedwe mwatsopano ndi mayina a amene akulima. Tinabalalika madontho oyamba akugwa pamalata. Ine ndinagona masiku awiri, mapazi ali m'madzi ofunda amchere.

Nditapeza mphamvu ndinapita ku Chidzolomondo, kumene mlamu anali atawatengera amuna anga atatuluka m'chipatala. Ndinawafotokozera zonse, za minda, za nyemba, za chulu. Pa za chulu anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa mpaka kutsokomola. Kenako anandigwira dzanja ndi lamanzere lija, nthawi yaitali osalisiya.

Pano ali kunyumba kuno. Amakhala pakhonde, amayenda ndi ndodo mpaka pamtengo wa pichesi n'kubwerera, mawu amatuluka awiri kapena atatu. Kumunda ndimapita ndekha, ndikabwera ndiwasambitse, ndiphike, ndione za ana awiri amene akadali pasikola. Mbewu inatuluka m'nyumba ija ili bwinobwino ndipo ndinabzala, ngakhale theka la munda ndinalephera kulimaliza. Ndimathokoza Mulungu chifukwa cha mlamu wanga, aphunzitsi aja, ndi amayi onse amene anaponya nyemba tsiku lija. Koma kutopa kokha sikunandichoke. Inu amene mwawerenga izi, mukamagwada muzititchulako ife a munda wa pachulu chachikulu, makamaka bambo a m'nyumba muno, kuti dzanja lawo lamanja ligwirenso khasu.