Ndinamwetsa mwana wanga madzi a chidindo cha msilikali

Inu owerenga, ndinagwa m'manja mwa munthu wodzitcha mneneri, koma amene anamva ululu wake ndi mwana wanga wamkazi, Tadala.

Nthawi imeneyo ndinkakhala kutsidya kwa nyanja, m'dera la Barking, ndikugwira ntchito yosamalira okalamba ku Edmonton. Tadala ankavutika ndi mphumu, ndiye mnzanga wina ananditengera ku mapemphero m'kaholo ka lendi. Mneneriyo anatulutsa kachitsulo kotuwa, kolemera, kokhala ndi chithunzi cha munthu wamapiko atagwira lupanga. Anati kanagwa kuchokera kumwamba iye akusala kudya. Anati kamachiritsa, ndiye tonse tinkakanyambita. Wina akakalavula, wina n'kukalandira malovu ali noninoni, ife n'kumakuwa aleluya. Ine anandipatsa kena koti ndizikaviika m'madzi, mwana azimwa m'mawa uliwonse.

Posakhalitsa Tadala anayamba kusanza ndi kudandaula m'mimba. Mneneri anati ndi ziwanda zikutuluka, ndisasiye. Sindinasiye. Atakomoka kusukulu, madokotala anapeza mtovu, chitsulo chapoizoni, m'magazi mwake.

Kachitsulo kaja ndinakaonetsa kwa a Andreas, mkulu wachigiriki amene ndinkamusamalira, yemwe kale ankaphunzitsa mbiri yakale. Anavala magalasi, nakatembenuza.

"Ichi ndi chidindo, mwana wanga," anatero. "Akuluakulu a asilikali a ufumu wakale wa Bizantiyamu ankatsekera nazo makalata. Uyu ndi mngelo Mikayeli, ndipo kuseriku mwini wake analembetsa kuti, Ambuye thandizani kapolo wanu. Ndi mtovu wokhawokha. Zimafukulidwa m'dothi n'kumagulitsidwa m'misika ya zinthu zakale."

Ndinathamangira kuchimbudzi kukasanza. Msilikali wakaleyo ankangopempha Mulungu kuti amuthandize pa nkhondo zake, sanauze munthu kuti anyambite. Ife ndiye tinkaika m'kamwa chinthu chimene chinagona m'dothi zaka mazanamazana, n'kumwetsanso ana.

Nditapita kukamufunsa mneneri uja, ndinapeza holo atatseka. Ndinamva kuti anasamukira ku Thamesmead ndi dzina lina. Tadala anachira, koma m'kalasi anayamba kutsalira, iye amene poyamba ankatsogola.

Abale anga, chithunzi cha mngelo sichiyeretsa chinthu, ndipo si aliyense wonyamula Baibulo amene amaopa Mulungu. Mwana akadwala, pempherani inde, koma pitani naye kuchipatala. Munthu akakuuzani kuti musafunse mafunso, nyamulani mwana wanu mutuluke, ngakhale nyimbo ili pakati.