Dzinja Limene Ndinkathamangitsa Mkuntho

Kachikopa kaja ndimakakumbukira ndi mphuno. Kanali ka gwape, kouma gwa, ndipo amalume anakaboola n'kumangirira chingwe cha khonje. Amayi sankakalola m'nyumba chifukwa cha fungo, choncho kankasomekedwa padenga la khola la mbuzi. Dzinja lonse limene ndinali Sitandade 5, ntchito yanga inali kukakoka.

Galu wa amalume dzina lake anali Mkuntho. Anali wa uzimba, wowonda m'mimba, wa miyendo italiitali, makutu ali tcheru nthawi zonse. M'chilimwe tchire likapsa, iye ndi amalume ankakwera mapiri a kumtunda kwa Mua n'kubwerako ndi ntchenzi kapena gwape. Koma mvula ikagwa udzu umatalika, uzimba umaima, ndipo galu wotere akangokhala amapenga. Chaka chimenecho amalume anali atayamba kudwaladwala, ankangokhala pakhonde atafunda chitenje ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Mkuntho anakumba maenje pabwalo, anang'amba mphasa, kenako anapha nkhuku za oyandikana nafe. Eni nkhuku anabwera atanyamula chibonga. Amayi anapepesa mogwada, koma alendo atachoka anatiuza mosabisa kuti akangophanso ina, iwo sadzamuikiranso kumbuyo.

Amalume anati galuyo si woipa, mphamvu zangomuchulukira, ndipo mankhwala ake n'kumutopetsa. Pakhomo pathu panalibe mnyamata. Anandiyang'ana ine, n'kuloza njinga yawo.

M'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu ndinkamangirira chikopa kumbuyo kwa njinga n'kulowera kanjira ka m'mbali mwa njanji, kolunjika ku Mtakataka, chifukwa njira zina zonse zinali makande okhaokha omata m'matayala. Pachishalo sindinkafika, ndiye ndinkapalasa choimirira, mwendo nditaulowetsa pansi pa chitsulo chapakati. Chikopa chinkadumphadumpha m'mame, Mkuntho ali pambuyo, lilime lili panja. Lamulo la amalume linali lakuti asachigwire msanga, komanso asabwerere osachigwira, poti galu wothamangira pachabe amataya mtima. Tikafika pa mlambe wina ndinkachepetsa liwiro n'kumulola achigwire, achipukuse mpaka mtima wake ukhale pansi. Pobwerera tinkadzera kumtsinje kuti asambire.

Oseka sanasowe. Azimayi opita kumunda ankati mtsikana wotere adzakwatiwa ndi fisi. Aphunzitsi ataona chisoso chili mbwee pa yunifolomu yanga anafunsa ngati kwathu tinasamukira m'tchire. Koma ine ndinkanyada kwambiri, ndipo mpaka lero ndimanyadabe. Anzanga ntchito yawo inali kusesa ndi kutunga madzi, pamene ine ndinali ndi moyo wa galu m'manja.

Chimene chinkandiwawa ndi amalume. Munthu amene kale ankagawana mbatata imodzi ndi galu wake anasiyiratu kumuitana. Mkuntho akabwera kudzagoneka mutu pamapazi awo, ankamukankha ndi ndodo. Chakudya anati ndizimupatsa ine ndekha, ndi dzanja langa. Likhweru lawo loitanira anandiphunzitsa mpaka milomo kuwawa, koma iwo osaliimbanso. Ndinkaona ngati matenda awaumitsa mtima, ndipo tsiku lina ndinawauza amayi zimenezo. Iwo anangoti ndikatsuke mbale.

Chimanga chitayamba kukhwima, eni nkhuku aja anabwera kudzazonda matenda. Anapeza Mkuntho atagona pabwalo, anapiye akutola gaga pafupi ndi mphuno yake, iye osadzutsa ndi mutu womwe. Anaseka, nati chibonga chija akangochisandutsa nkhuni. Pamenepo amalume anadzuka pamphasa, anatsamira khoma, n'kuimba likhweru lija, lofooka koma lomveka bwino. Mkuntho anaimika makutu. Anawayang'ana kanthawi, anatembenukira kwa ine, kenako anabwera kudzakhala pamapazi anga.

"Wagwira ntchito mwanayu," anatero amalume. "Tsopano galuyu ali ndi mwini."

Tsiku limenelo ndinkayenda ngati ndavala nsapato zatsopano. Mumtima ndinkati ndawapambana amalume, mlenje weniweni, pa galu wawo yemwe. Amayi anazungulira kuseri kwa nyumba, ndipo nditawalondola kuti ndikadzitame ndinawapeza akupukuta misozi ndi m'mphepete mwa chitenje.

Ndinadzamva ndili wamkulu zimene alenje amanena, kuti galu wa uzimba mbuye wake akamwalira amakana kudya, amangoyendayenda m'midzi akulira mpaka anthu atatopa naye. Amalume sanaone tchire la chaka chimenecho likupsa. Mkuntho anakhala nafe mpaka ndevu zake zinachita imvi. Koma masana aja ine ndinangoona amalume akumwetulira pamene galu wawo anali atawakana pamaso pa alendo, ndipo sindinamvetse kuti munthu angakondwere bwanji ndi zoterozo.