Nyimbo ya Nguluwe Yovala Nsapato

Mkulu wanga ndiye ankapeka nyimbo za chiwoda, gule wathu wa amayi, kwathu ku Tukombo. Mwamuna wake anali atachona ku Joni, choncho ana atatu ankawalera ndi khasu lake lokha. Ine ndinali nditangokwatiwa kumene.

Zinali zaka za chitaganya. Boma linalamula kuti chinangwa tizibzala m'mizere, osatinso m'matutu monga ankachitira makolo athu. Mkulu wanga analibe mphamvu zogawuliranso munda wonse yekha. Tsiku lina kunabwera kapitawo wa malimidwe, munthu wochokera m'chigawo chapakati, ali ndi mzungu wake. Anazula chinangwa chosakhwima, mzunguyo akuloza ndi ndodo pomwe patsala.

"Ana anga adya chiyani?" anafunsa mkulu wanga.

"Mayi, ine ndangotumidwa," anatero kapitawoyo, maso ali pansi.

Mkulu wanga sanalire. Mlungu womwewo anatiphunzitsa nyimbo yatsopano m'Chitonga. M'Chichewa tingati inkati: nguluwe ya kwathu imaba mobisala, koma yabwera ina yovala nsapato, ikufukula munda dzuwa likuswa mtengo.

Pa chikondwerero cha chaka chatsopano tinaivina pabwalo, mzungu uja atakhala pampando kutsogolo. Anawomba m'manja, natijambula. Anthu anaseka mpaka misozi, iye nkumasekanso nawo. Nyimboyo inafika ku Kande ndi ku Sanga, moti kapitawo akamadutsa panjinga, amayi oviika chinangwa m'madziwe ankaiyamba osadzutsa mitu.

Sindidziwa amene anakamumasulira mzunguyo nyimboyo. Amesenjala a boma anabwera kudzamutenga mkulu wanga, ati mlandu wa munda. Ambiri tinali ndi matutu, koma anatengedwa yekha. Akulu a mpingo nawo anamudula, ati mkhristu savina chiwoda.

Anabwerako kundende mvula itayamba, akutsokomola, miyendo itatupa. Mwana wake wamng'ono tinali titamuika kale m'manda. Ndinamuuza ndekha panjira asanafike kunyumba. Anakhala pansi pamchenga nthawi yaitali.

"Akulu, mukanangokhala chete," ndinatero.

"Ndikanakhala chete chinangwa chikanabwerera m'nthaka?" anandifunsa.

Amayi ankabwerabe kudzamupempha nyimbo. Iye ankangopukusa mutu, nkuloza pachifuwa pake. Anamwalira chaka chisanathe. Popeza anali wodulidwa, pamaliro pake sipanaimbidwe nyimbo za mpingo. Tinamunyamula mwakachetechete, kukumveka makasu okha kumanda.

Ana awiri otsalawo ndinawatenga. Munda wake ndinaulima mizere, chifukwa ndinkaopa, ndipo ana anafunika kondowole, nsima yathu ya chinangwa. Bambo awo anabwera patapita zaka zambiri, atakalamba, ali ndi sutikesi ndi nsalu ya mkazi wake. Nsaluyo anaipereka kwa mwana wake wamkazi, koma mwanayo sanamuzindikire.