Besi ya mu mtsuko pa chinkhoswe cha ku Likhubula

Ndinanyamuka pa Chinakanaka Loweruka m'mawa dzuwa lisanayambe kuwawa, nditavala jekete yobwereka, mtsuko nditaufukata ngati khanda. Linali tsiku la chinkhoswe changa ku Likhubula, kwawo kwa Esinala. Abale anga anati abwera masana pa lole. Ine ndinatsogola chifukwa nyimbo za pamwambowo zinali m'manja mwanga. Akuchikazi ankafuna kuitana munthu wa zoimbira wa ku boma, koma Esinala anawakaniza, n'kuwauza kuti mwamuna amene akubweretsayo ndi katswiri wa mawaya. Mawu amenewo anawamva kwa ine ndemwe.

Ukatswiri wake unali uwu. Ndinali ndi kawailesi ka kaseti kolowa m'thumba, kaja komvera m'makutu, kamene kankangolira ngati udzudzu. Ndinadula waya wa mahedifoni n'kuulumikiza ku ampulifaya ya wailesi ya galimoto imene ndinagula pamsika ku Limbe. Chowotcherera ndinalibe, ndiye ndinkatenthetsa msomali pambaula. Sipika ndinaivundikira pakamwa pa mtsuko wa amayi n'kumata phula m'mbali, kuti besi izichokera pansi. Mabatire akuluakulu asanu ndi atatu ndinawandanda mu nsungwi. Tsiku loyamba kuyatsa, nkhuku za aneba zinathawira kudimba, ndipo ndinayamba kuyenda mosiyana ndi kale.

Minibasi ya ku Chitakale inali ma kwacha khumi. Kondakitala anayang'ana katundu wanga.

"Achimwene, muli kachasu m'menemo?"

"Muli nyimbo," ndinatero.

"Tatiuzeni zoona."

Munthu akakayikira ntchito ya manja anga sindiugwira mtima. Ndinadina batani. Mawindo ananjenjemera, dalaivala anazimitsa wailesi yake chifukwa cha manyazi, ndipo mayi wina amene ankakaona wodwala ku chipatala cha Mishoni anati ndichepetse, mtima ukumugunda. Atangotsika ndinakwezanso. Ndinkafuna kuti ngakhale othyola tiyi m'minda ija amve kuti kwadutsa munthu.

Pa Chitakale tinadikira matola mpaka dzuwa kufika pamutu. Ndinagula chinangwa chokazinga ndi kachidutswa ka nanazi, ndipo podikirapo a kabaza anandizungulira. Wina anaika khutu pamimba pa mtsuko n'kunena kuti m'katimo muli ng'ombe. Wina anafunsa ngati ndingamupangire wake. Ndinawafotokozera za mawaya ofiira ndi akuda ngati mphunzitsi, kenako n'kuwaimbira kaseti mbali zonse ziwiri kuti aone okha. Kutamidwa kumakoma, sindibisa.

Pikapu itadzaza tinauyamba msewu wafumbi wa m'munsi mwa phiri, aliyense atalipira ma kwacha khumi ndi asanu. Ndinakhala pathumba la ufa pakati pa amayi a madengu ndi bambo wina amene amanyamula katundu wa alendo kukwera naye kuphiri. Bamboyo anaukweza mtsukowo pang'ono nati wolemera chonchi iye sangaupititse pamwamba popanda kuonjezera malipiro. Amayi aja anapempha nyimbo yakwaya, kenako ina, kenako yoyamba ija. Tinafika pa Likhubula galimoto yonse ikuimba, nsidze zathu zili mbuu.

Kwa Esinala ndinapeza mabenchi atayalidwa pansi pa mtengo wa mango, ndipo zoimbira zanga anali ataziikira tebulo lakelake lokhala ndi nsalu yoyera. Malume ake, a Makawa, anandilandira ndi manja awiri.

"Ndi zimenezi tamva mbiri zija, bambo?"

"Ndi zomwezi, malume. Ana asayandikire, zimagwedeza."

Lole ya kwathu itafika mwambo unayamba. Nthawi inakwana yoti atsikana atatu atuluke m'nyumba atafunda zitenje kumutu mpaka kumapazi, kuti akuchimuna aloze amene ali wathu. Wolozayo anali mlongo wanga Felesita, ndipo ukaphonya umalipira chindapusa anthu akukuseka. Woyendetsa mwambo anandikodola. Ndinaimirira, n'kukonza jekete, n'kudina.

Nyimbo inayamba bwino ndithu. Atsikana anatuluka akuvina pang'onopang'ono. Atafika pakati pa bwalo, woimba wa m'kaseti anayamba kutopa. Mawu ake anakhuthala, n'kumakokeka, mpaka anasanduka nkhalamba yobuula m'tulo. Ampulifaya ya galimoto imadya ngati galimoto, ndipo ine ndinali nditagawa mabatire onse mumsewu kwa anthu amene sanaitanidwe n'komwe ku chinkhoswe. Ndinagwedeza nsungwi. Ndinatulutsa batire limodzi n'kuliluma monga timachitira. Mtsuko unabuulanso kamodzi, basi zii.

Atsikana ofunda aja anaima pakati pa bwalo osadziwa kolowera. Thukuta linatsika mu jekete ya eni ake. Kenako chitenje chapakati chinayamba kugwedezeka, ndipo kunamveka kuseka kwa munthu amene akuyesetsa kudzigwira koma zikumukanika. Felesita sanazengereze. Anapita n'kuvundukula.

"Woseka achimwene anga chonchi ndi mlamu wanga yemweyu," anatero.

Amayi anaimba nthungululu, wina anayambitsa nyimbo yapakamwa, manja n'kuyamba kuombedwa, ndipo mwambo unatha wopanda ine. A Makawa anauza ana kuti achotse tebulo lija aikepo mbale.

Madzulo, anthu akubalalika, ndinakumana ndi Esinala kuseri kwa khitchini akutsuka mapoto. Ndinayembekeza kukalipiridwa. Iye anangopukuta manja pachitenje.

"Ndinawauza a kwathu kuti ndinu katswiri," anatero motsitsa mawu. "Tsopano mundithandize kupeza china choti ndiziwauza, chifukwa mudzakhala mudzi uno."

Pamenepo m'pamene manyazi enieni anandigwira, chifukwa pabwalo paja amene anasekedwa sindinali ine ndekha. Ulendo wonse ndinkasangalatsa anthu oti sindidzawaonanso, ndipo amene anandiikira kumbuyo ndinamufikira chimanjamanja. Pobwerera ndinakhala kumbuyo kwa lole ndikuganiza chimene mkazi angamanene za ine osachita kunama.