Tsiku Limene Mantha Anandigwira Pamaso pa Ankhoswe

Ndikulemba nkhani iyi chifukwa kumudzi kwathu, kufupi ndi Dambe, anthu ena mpaka lero amati ndimadwala khunyu. Odwala khunyu sindiwanyoza, koma vuto langa ndi lina, ndipo kulibisa kunatsala pang'ono kulepheretsa ukwati wa mlongo wanga.

Vutoli linayamba m'chaka changa choyamba ku koleji. Mantha ankandigwira mwadzidzidzi popanda chondiopseza: mtima unkagunda ngati ndathamanga chitunda, mpweya unkachepa, zala zinkachita dzanzi, ndipo ndinkakhulupirira kuti ndikufa. Dokotala atandipima mtima ndi magazi, anati ndi nthenda ya nkhawa, nandiphunzitsa kapumidwe kothandiza. Kunyumba sindinauze aliyense, poopa kuti adzati sukulu yandizunguza mutu.

Nthawi ya tchuthi, ankhoswe akuchimuna anabwera kuchokera ku Luwani kudzakambirana za ukwatiwo. Amalume anawakhazika pansi pa mtengo wa nachesi, ndipo anandiuza kuti ine, monga wophunzira wa pabanjapo, ndiwalandire ndi mawu. Nditangoti, "Takulandirani, makolo athu," mantha aja anandigwira. Ndinagwada, manja akunjenjemera, thukuta lili kamukamu.

Azakhali anathamangira kukhitchini n'kubwera ndi supuni yoti andiike m'kamwa kuti ndisadzilume lilime.

"Musakhudze malovu ake!" anakuwa mayi wina mwa alendowo, akusendera kumbuyo. "Kodi ndi zakumtundu zimenezi? Bwanji simunatiuze?"

Nkhoswe wamkulu anatola chipewa chake. Mlongo wanga anali ataima pakhomo, atadzigwira pakamwa. Ndinadziwa kuti bamboyo akangoimirira, nkhani ya ukwati yathera pomwepo.

Ndinakankha supuni ija. Ndinakoka mpweya ndi mphuno, ndikuwerenga mumtima mpaka zinayi, n'kuutulutsa pakamwa pang'onopang'ono. Ulendo woyamba sizinathandize. Maso ndinawaloza pa nthambi imodzi n'kuyamba kuwerenga manachesi, ndikudziuza kuti zimenezi zinabwerapo kale ndipo zinatha. Patapita kanthawi, mawu anatuluka.

"Chonde, bambo, musanyamuke. Ndikukumvani nonse, sindinakomoke. Ndi mantha."

"Mantha?" anafunsa nkhosweyo. "Mukuopa ndani, achimwene? Ndevu zangazi?"



"Sindikuopa munthu, bambo. Thupi langa limachita ngati laona njoka pamene njoka palibe. Kuchipatala analemba zonse m'buku langa."

Amayi anandiyandikira. "Chaka chonse, mwana wanga, osatiuza?"

Nkhosweyo anabweza chipewa pabondo, koma sanavomere za ukwatiwo tsiku limenelo. Anati akufuna kumva yekha kwa achipatala. Sabata yotsatira tinapita naye pamodzi ndi amalume, buku lili m'manja. Dokotala anafotokoza za nthenda ya nkhawa, nawonjezera kuti ngakhale khunyu silipatsirana m'malovu, ndiponso kuti supuni m'kamwa imangovulaza wodwala.

Ukwati unachedwa ndi miyezi iwiri, koma unachitika. Mantha aja amabwerabe nthawi zina. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano amayi amakhala pambali panga n'kumawerenga nane mpweya.

Ndayesetsa kulemba m'Chichewa cholongosoka, koma dzina loti "nthenda ya nkhawa" silindikhutiritsa, pakuti nkhawa imabwera pang'onopang'ono pamene ichi chimagwa ngati mphezi. Owerenga amene mukudziwa dzina loyenera, kapena mwaona pamene ndalakwitsa, chonde ndilembereni kuti ndikonze.