Nkhunzi ndi Thole mu Kompyuta

Ku Manjawira kuli mkulu wina wa shopu ya magemu, amene anachoka ku Joni ndi kompyuta anzawo akubwera ndi malata. Mlimi aliyense amawalangiza kuti, "Osamanga nkhunzi ndi thole pa goli limodzi."

Mwezi watha anagula khadi yamphamvu yoyendetsa zithunzi za magemu mu kompyuta, n'kuiphatikiza ndi purosesa yawo yokalamba, ubongo wa kompyutayo, ati ubongo wa ku Joni sukalamba. Anaitanitsa mpikisano wa mpira wa pakompyuta. Koma osewera a pasikirini ankayenda modukizadukiza ngati akuponda matope a mpunga ku Bwanje, makasitomala n'kuyamba kutuluka.

"Ndi magetsi awa!" anakuwa mkuluyo.

Akazi awo anasuzumira pakhomo. "Inu bambo, nkhunzi mwagula, koma mwaimanga ndi thole. Ngolo ithamanga bwanji?"

Purosesa yatsopano ifika pa basi Lachisanu. Alimi nawo apuma, za goli sakuzinenanso.